Skyrim ya ma mod pa laputopu: zoti muchite kuti isamajame

Anthu ambiri akagula laputopu ya magemu amangoona kasitika kobiriwira ka NVIDIA kaja n'kumati basi zatheka, kenako amathira ma mod (mafayilo owonjezera kapena kusintha zinthu mu gemu) mazana awiri mu gemu ya Skyrim Special Edition, kungolowa m'nkhalango ya ku Falkreath gemu n'kuyamba kudukizadukiza. Ine yanga ili ndi khadi ya zithunzi (graphics card) ya GTX 1650 ya 4GB ndipo Skyrim yanga ndi yokongola bwino bwino, koma ndinayamba ndavomereza kuti khadi ya mu laputopu si imodzi ndi ya desktop ngakhale dzina lifanane. RTX 3060 ya desktop nthawi zambiri imakhala ndi 12GB ya VRAM (memory ya pakhadipo), ya laputopu ndi 6GB basi. Ndiyenso moto umene opanga amaipatsa umasiyana, ina ma watts 60 ina mpaka 115, ndiye mnzanu akamati yake ikuthamanga osadandaula ayi, mwina yake ikudya moto wambiri.

Choyamba onetsetsani kuti gemuyo ikugwiritsadi ntchito khadi ya NVIDIA osati ka Intel kam'kati kaja. Pa Windows pitani ku Settings, System, Display, Graphics, mupeze SkyrimSE.exe ndi kuyiyika pa High performance. Ndipo chaja chikhale cholumikiza nthawi zonse, chifukwa pa batire khadi imadzichepetsa mphamvu yokha. Magetsi akathima ingosevani mutseke, kukakamira sikuthandiza.

Musanayike mod ndi imodzi yomwe, ikani MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner kuti pakona pa sikirini pazioneka zinthu zitatu: fps (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi), kutentha, ndi VRAM imene yadyedwa. Yendani wapansi kuchoka ku Riverwood kukafika ku Whiterun, kenako mukazungulire pamsika wa ku Riften ndi m'mitengo ya ku Falkreath, manambalawo mulembe penapake. Ulendo womwewu muziubwereza mukawonjezera zinthu, ndi umene uzikuuzani zoona.

Tsopano nkhani yeniyeni ili pa ma texture (zithunzi zimene zimakuta zinthu za mu gemu), apa ndi pomwe ambiri amagwa. Pa webusayiti ya ma mod ya Nexus Mods mukaona 4K mtima umathamangira komweko, koma texture imodzi ya 4K ili ndi ma pixel kuwirikiza kanayi kuposa ya 2K, imadya pafupifupi 21MB pomwe ya 2K ndi cha m'ma 5MB, ndiye tangoganizani miyala, makoma, zovala za alonda, mbale ndi mabasiketi zonse zili 4K pa khadi ya 4GB. VRAM ikadzadza gemu imayamba kubwereka ku RAM, ndipo mumazindikira chonchi: mukaima chilili fps ili bwino, koma kungotembenuka kapena kutuluka pageti la Whiterun chithunzi chimagwira kaye kenako n'kulumpha. Pa sikirini ya mainchesi 15.6 ya 1080p, kunena zoona simungasiyanitse 4K ndi 2K pokhapokha mutagunditsa mphuno pakhoma. Ine ndimayika 2K pa mapiri, nthaka ndi nyumba, 1K pa tizinthu ting'onoting'ono ta patebulo, ndipo ndimasiya ka mpata ka 500MB kosadyedwa. Bandulo nayonso imapulumuka, mafayilo a 4K aja ndi akuluakulu zedi. Ngati mod yomwe mwaikonda ili ya 4K yokha, Cathedral Assets Optimizer imatha kuichepetsa.

ENB, mod yosintha kuwala ndi maonekedwe a gemu, ndi yokongola, sindikana, koma pa GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 4GB imakudyerani fps yambiri moti kumenyana ndi dragon kumasanduka chintchito. Yesani Community Shaders, yomwe ntchito yake ndi yofanana ndi ya ENB, ndipo musayatse zigawo zake zonse nthawi imodzi, apo ayi ingoyikani mod ya nyengo ngati Obsidian Weathers kapena Cathedral Weathers, kuwala ndi mitambo zimasinthiratu koma khadi simva kulemera kwenikweni. Amene muli ndi 6GB kapena 8GB mutha kuyesa ENB yopepuka.

Udzu ndi zithunzithunzi ndi mbava zina. Tsegulani BethINI, pulogalamu yosinthira ma settings a gemu, shadow resolution ikhale 2048, ndipo iMinGrassSize mukaikweza udzu umachepa, nambala yaikulu udzu wochepa, ambiri amasokoneza pamenepa. Ma mod odzadza mizinda ndi anthu komanso katundu amalemetsa CPU, ndiye ngakhale mutsitse ma texture ku Riften sikusintha.

Pali ma mod ena oti musawasiye ndipo salemetsa khadi: SKSE64, Address Library, SSE Engine Fixes, Unofficial Patch, SkyUI ndi SSE Display Tweaks. Womalizayu ndi wofunika kwambiri ngati sikirini yanu ndi ya 144Hz, chifukwa injini ya Skyrim ikadutsa 60 fps zinthu zimapenga, ngolo ya koyambirira popita ku Helgen ija imagubuduka, mbale zimauluka m'nyumba. Display Tweaks imakonza zimenezo komanso imakulolani kutsekera fps. Tsekerani pa 60, ikamalephera tsitsani pa 45, bola yokhazikika kusiyana ndi yokwera n'kumatsika. SKSE64, yomwe ma mod ambiri amaidalira kuti agwire ntchito, iyenera kugwirizana ndi version ya gemu yanu, ndiye pa Steam sankhani kuti gemu izipanga update pokhapokha mwaitsegula, inu muzitsegulira ku Mod Organizer 2, pulogalamu yoyikira ma mod.

Za kutentha musazitenge mopepuka, makamaka mwezi wa Okutobala. Khadi ikafika cha m'ma 87°C imadzibweza yokha, mumayamba bwino kenako pakatha mphindi makumi awiri gemu yafooka, inu n'kumanamizira ma mod. Musaike laputopu pa bulangete kapena pa matiresi, itukuleni kumbuyo ndi kabuku kuti mpweya uzilowa pansi, ndipo fumbi la m'mafani lizichotsedwa. Tsiku lomwe ndinatsegula yanga ndinapeza fumbi litagwirana ngati thonje kutsekeratu potulukira mpweya, nditachotsa phokoso la fani linatsika pompo.

Ma mod muziyika asanuasanu, mudutsitse LOOT (pulogalamu yosanja ma mod mundondomeko yake), muyende ulendo wa ku Riverwood uja, muone manambala. Akasokonekera mudziwa kuti wolakwa ali mwa asanu omalizawo. Koma yesani zonsezi pa save yoyeserera, chifukwa mod ya ma script mukaichotsa pakati pa ulendo imasiya zinyalala mu save yanu ndipo kawirikawiri sizichoka.