Mmene Mungasonkhanitsire Umboni wa Mvula Podziteteza pa Mlandu

Mvula ikamagwa anthu amachoka m'misewu, ndipo milandu monga ndewu ndi kulanda katundu panjira kawirikawiri imachepa. Akatswiri awiri a ku America, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson, anafotokoza m'chaka cha 1979 kuti mlandu umachitika pakakumana zinthu zitatu: munthu wofuna kuchita choipa, munthu kapena katundu wosavuta kumufikira, komanso kusowa kwa woyang'anira. Mvula imabalalitsa anthu, koma imachotsanso oyang'anira, pakuti mlonda amapita kukausa, anansi amatseka mazenera, ndipo phokoso la padenga limabisa kuthyoledwa kwa chitseko. Choncho milandu ya tsiku la mvula imakhala ndi mboni zochepa, zomwenso sizinaone bwino, ndipo munthu wosalakwa angathe kulozedwa chala mosavuta. Ngati zimenezi zagwera inu kapena m'bale wanu, pali ntchito yofunika kuigwira nthaka isanaume.

Yambani ndi kulemba, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Lembani nthawi imene mvula inayamba ndi imene inakata, ngati inali yowaza kapena yamkuntho, kumene munausa, anthu amene munausa nawo, ndiponso ngati magetsi anazima. Zimene mwalembazo muzipereke kwa loya wanu, osati kuziika pa Facebook kapena kuzifotokozera aliyense. Zovala ndi nsapato zimene zinavalidwa tsikulo musazichape kapena kuzitaya, chifukwa mtundu wa matope, kapenanso kusapezeka kwa matopewo, kungathe kusonyeza kumene munthu anaponda ndi kumene sanaponde, ndipo kuzichapa kungaoneke ngati kubisa umboni.

Kenako jambulani malo pafoni, muli kunja kwa dera limene apolisi atchinga ndiponso osakhudza kanthu. Mvula imatsuka magazi, imafafaniza mapazi akale, ndipo imakokolola tizinthu ting'onoting'ono n'kukatisiya patali ndi pamene tinagwera. Komabe matope amasunga bwino mapazi ndi zidindo za matayala zimene zadindidwa mvula itakata. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri: phazi lokhala ndi timaenje ta madontho mkati mwake linapondedwa mvula isanathe, pamene phazi losalala, la m'mphepete mooneka bwino, linapondedwa pambuyo pake. Ngati pafupi pali makamera a chitetezo, loya apemphe zithunzizo mwamsanga, poti makina ambiri amafufuta okha zakale pakapita masiku kapena masabata ochepa.

Musadalire kukumbukira kwa anthu kokha pa nkhani ya nyengo. Nthambi yoona zanyengo imasunga kaundula wa kuchuluka kwa mvula m'mamilimita, ndipo loya angathe kupempha chikalata chovomerezeka cha tsikulo. Onetsetsani kuti chikuchokera pamalo oyezera oyandikira kwambiri, chifukwa mvula imatha kuvumba mbali imodzi ya mzinda mbali ina kuli gwaa.

Pamene pafunika khama lalikulu ndi pa mboni imene ikunena kuti inakuonani. Mboni yotereyi nthawi zambiri sikhala ikunama. Imakhulupiriradi zimene ikunena, ndipo n'chifukwa chake umboni wake umakopa woweruza. Khoti la apilo la ku England linaunika vutoli m'chaka cha 1976 pa mlandu wa Turnbull, ndipo mfundo zake zimatsatidwa m'maiko ambiri amene malamulo awo anachokera ku England. Linanena kuti pafunsidwe kuti mboniyo inayang'ana kwa nthawi yaitali bwanji, inali patali bwanji, kunkawala motani, panali chotchinga kapena ayi, ndiponso ngati inkamudziwa kale munthuyo. Pa tsiku la mvula funso lililonse mwa awa limalemera. Kodi mboniyo inkayang'ana kudzera pagalasi lodzaza madontho? Kodi munthu amene inamuonayo anafunda chovala cha mvula kumutu kapena anaweramitsa ambulera? Kodi inamva mawu ake bwinobwino mabingu akugunda? Pitani pamalopo ndi loya, nthawi yofanana ya tsiku, mukaime pamene mboniyo inaima, mukayeze mtunda ndi kuona nokha chimene diso lingathe kuzindikira. Njira yotsutsa mboni pogwiritsa ntchito zolembedwa za zinthu zakuthambo ndi yakale: m'chaka cha 1858 Abraham Lincoln, asanakhale pulezidenti wa America, anateteza Duff Armstrong pa mlandu wakupha posonyeza buku la kayendedwe ka mwezi, lomwe linaonetsa kuti mwezi umene mboni inati unaiunikira unali utatsala pang'ono kulowa, ndipo Armstrong anamasulidwa.

Pa milandu ya pamsewu ndikuchenjezeni mosabisa kuti mvula payokha siipulumutsa dalaivala. Pamsewu wonyowa galimoto imafuna mtunda wowirikiza kawiri kapena kuposerapo kuti iime, ndipo khoti limayembekezera kuti woyendetsa wosamala achepetse liwiro, ayatse nyali ndi kusiya mpata wokwanira. Kunena kuti galimoto inaterereka kungathe kukutsutsani ngati matayala anali okutha kapena mawaipa anali akufa. Chimene chingathandize ndi umboni wakuti munachitadi zonsezi: zithunzi za matayala, malisiti a kugalaja, ndi zithunzi za madzi odikha kapena dzenje limene linabisika pansi pa madziwo.

Zonse zimene mwapeza muzipereke kwa loya, ngakhale zimene zikuoneka kuti zikukutsutsani, chifukwa kaundula wa zanyengo amene inu mungamupeze, oimira boma pa milandu angathenso kumupeza, ndipo ndi bwino kuti loya wanu adziwiretu zimene zilimo tsiku lozenga mlandu lisanafike.