Tunnel ya Cloudflare ikakana, yambani mwawerenga nambala

Foni imalira m'mawa ndithu: "Webusaiti yafa, ikungolemba Error 1033." Ambiri a inu osamalira seva ya paofesi kapena pasukulu, mukamva zimenezi mumathamangira kufufuta tunnel, njira imene imalumikiza seva yanu ndi kampani ya Cloudflare kuti webusaiti ioneke pa intaneti, n'kupanga ina. Musatero. Mukaifufuta mwadzionjezera ntchito, chifukwa CNAME yanu ku DNS, imene imalondolera dzina la webusaiti yanu kumene liyenera kupita, imakhala ikulozabe nambala ya tunnel yakaleyo pa cfargotunnel.com.

Mlimi wothirira akaona kuti madzi sakufika kudimba, sakumbanso ngalande yonse. Amayenda nayo mpaka apeze pamene yagumuka. Ngalande yathuyi ili ndi zigawo ziwiri: kuchokera ku Cloudflare kufika pa kapulogalamu ka cloudflared kamene kali pa seva yanu, ndiye kuchokera pa cloudflared kufika pa pulogalamu yeniyeni ya webusaiti. Nambala imene yatuluka pa sikirini ndiyo imakuuzani chigawo chodwala.

Ikakhala 1033, vuto lili m'chigawo choyamba. Cloudflare ikufunafuna cloudflared wanu koma sikumupeza. Lembani systemctl status cloudflared kuti muone ngati akugwira ntchito. Chimene ndimachipeza kawirikawiri n'chakuti munthu anayatsa tunnel pamanja tsiku loiika, anaona ikugwira, n'kupita kwawo ali wosangalala. Magetsi atazima n'kuyakanso, seva inadzuka koma cloudflared anatsala m'tulo. Mankhwala ake ndi cloudflared service install, kuti azidzuka yekha pamodzi ndi seva.

Ngati wadzuka koma zikukanikabe, werengani zimene akulemba, ndi journalctl -u cloudflared. Akakhala bwino amatsegula njira zinayi, ndipo mawu akuti "Registered tunnel connection" amaoneka kanayi, pambali pake pali chidule cha mzinda umene walumikizako, monga jnb ya Johannesburg. Mukaona akudandaula za QUIC (njira imene cloudflared amayankhulira ndi Cloudflare) ndi timeout, kaikirani firewall, mlonda amene amatseka kapena kutsegula zipata za network. Tunnel imatulukira pa chipata (port) 7844, ndipo QUIC imayenda pa UDP, njira yotumizira data yosiyana ndi TCP, imene ma firewall ambiri a m'maofesi amaitseka. Tsegulani 7844 yotuluka, ya TCP ndi UDP yomwe. Zikavuta, muuzeni cloudflared kuti ayende ndi --protocol http2.

Palinso kanthu kena kamene anthu amaseka ndikakatchula: wotchi. Makompyuta akale amene timawasandutsa ma seva, kabatire kawo kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamakhala katafa kalekale. Magetsi akazima, tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zingapo, ndiye satifiketi iliyonse yachitetezo, imene imatsimikiza kuti seva ndi yeniyeni, kompyutayo imaikana. Lembani date. Ngati chaka chasokonekera, gulani kabatire ka CR2032 ndipo onetsetsani kuti NTP, imene imakonza wotchi kudzera pa intaneti, ikugwira.

Nanga 502 Bad Gateway? Apa tunnel isiyeni, ilibe mlandu, ngakhale pa dashboard imaoneka Healthy. Madzi afika pachipata koma chipata n'chotseka. Khalani pa seva yomweyo muyese curl http://localhost:8080, kapena port imene munalemba. Ikakana, ndiye kuti pulogalamu yanu yazima kapena ikumvetsera pa port ina. Ikayankha bwinobwino koma kunja kukadali 502, dzifunseni ngati cloudflared ali mu Docker, imene imayendetsa pulogalamu iliyonse m'kabokosi kake kotchedwa container. Mkati mwa container, localhost amatanthauza container yomweyo, osati seva. Ikani ma container onse pa network imodzi ndipo mulembe dzina la container ya pulogalamuyo m'malo mwa localhost. Onaninso kuti simunalembe https pamene pulogalamu ikuyankhula http.

Mukaona x509 mu log, vuto lili pa satifiketi, ndipo nthawi zambiri ndi satifiketi imene munadzisainira nokha. Anzanu adzakuuzani kuti mungoyatsa noTLSVerify, imene imauza cloudflared kuti asafufuze satifiketi. Imagwiradi, koma ine ndimailola pokhapokha cloudflared ndi pulogalamu zili pa makina amodzi. Zikakhala pa makina osiyana, lembani originServerName yogwirizana ndi dzina la pa satifiketi, ndipo mupatse cloudflared CA yanu, imene inasaina satifiketiyo, kudzera pa caPool.

Za 413 sitichedwapo: pa phukusi laulere, Cloudflare salola kukweza chinthu choposa 100 MB nthawi imodzi. Idulenidule fayiloyo.

Mukakonza, lembani m'kabuku nambala imene inatuluka, tsiku, ndi chimene munasintha, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Ndipo popita kunyumba suzumirani kuseri kwa UPS, batire losunga magetsi. Ndapezapo seva ili pa UPS ikuyaka bwinobwino, rauta italumikizidwa pa soketi ya pakhoma, ili zii.