Kutsimikiza antibody ya PiT-1 ndi peptide yotsekereza

PiT-1, imene jini yake ndi SLC20A1, ndi puloteni ya pakhungu la selo yolowetsa phosphate pamodzi ndi sodium. Mwa munthu ili ndi ma amino acid 679, ndipo pa Western blot, njira yolekanitsa mapuloteni pa gel n'kupeza yomwe mukufuna pogwiritsa ntchito antibody (puloteni yogwira chinthu chimodzi chokha), mzere wake umakonda kutuluka wofalikira, chifukwa cha shuga womatirira pa puloteniyo. Mizere ikatuluka itatu, weniweni ndi uti? Peptide yotsekereza imathandiza kuyankha funsoli: ndi kachidutswa ka puloteni komwe kaja anabayira kalulu popanga antibody. Mukazisakaniza kaye, antibody imakakamira peptide, ndipo ikafika pa puloteni imakhala itadzaza kale.

Peptide imabwera ngati ufa wouma. Mukaitulutsa mu fiiza, musathamangire kutsegula. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje, makamaka masiku a chiperoni, mpweya umakhala wachinyezi ndipo kabotolo kozizira kamachita thukuta m'kati momwe. Dikirani mphindi 20 kapena 30, kazungulitseni pang'ono mu centrifuge kuti ufa utsikire pansi, kenaka sungunulani ndi madzi oyera a labotale kapena PBS (madzi a mchere ndi phosphate) mpaka 1 mg/ml. Ikakana kusungunuka, yambani ndi kadontho ka DMSO, mankhwala osungunulira. Gawani m'timachubu ta 20 µl n'kusunga pa -20°C, m'kati mwenimweni mwa fiiza osati pachitseko, kuti magetsi akathima tisasungunuke msanga. Kuumitsa n'kusungunula mobwerezabwereza kumaipha mphamvu.

Konzani machubu awiri ofanana. M'chubu choyamba ikani antibody yokha, mwachitsanzo 1 µg. M'chachiwiri antibody yomweyo ndi peptide 5 mpaka 10 µg. Onse adzazeni ndi buffer yofanana, ndipo ngati peptide ili ndi DMSO, chubu choyambacho chilandirenso DMSO wochuluka chimodzimodzi. Asiyeni akugwedezeka usiku wonse pa 4°C, kapena ola limodzi pa benchi. Musadere nkhawa kuti 5 µg yachepa: molekyu ya antibody (IgG) imalemera pafupifupi 150 kDa, pomwe peptide ya ma amino acid 15 siifika 2 kDa, ndiye mamolekyu a peptide amaposa a antibody maulendo mazanamazana.

Sampulo imodzi muiike m'timaenje tiwiri ta gel imodzi, musamutsire mapuloteni pa pepala la PVDF n'kulidula pakati, theka lililonse lilandire chubu chake, ndipo mujambule zonse nthawi imodzi. Sampuloyo musaiwiritse pa 95°C. Mapuloteni a pakhungu la selo akapsa amaundana n'kutsalira pamwamba pa gel. Mphindi 30 pa 37°C zakwana.

Mzere umene wazimiririka kutheka la peptide ndiwo unagwidwa ndi antibody pamalo ake oyenera. Wotsala mbali zonse ndi zinyalala, kawirikawiri zochokera ku antibody yachiwiri, imene imagwira yoyambayo kuti mzere uoneke. Ngati palibe chasintha, onjezerani peptide kapena chepetsani antibody, ndipo onaninso ngati peptide ndi ya antibody yomweyo, chifukwa ya kampani ina ikhoza kukhala ya chigawo china cha puloteni.

Koma kuzimiririka kokha si umboni woti mzerewo ndi PiT-1. Puloteni ina iliyonse yokhala ndi kachigawo kofanana nayonso imazimiririka, ndipo PiT-2, ya jini SLC20A2, imafanana kwambiri ndi mbale wakeyu komanso imapezeka m'maselo omwewo. Chotero yesaninso maselo amene mwachepetsa SLC20A1 ndi siRNA (tizidutswa ta RNA tofooketsa jini): mzere wa PiT-1 uyenera kufooka pomwe wa actin, puloteni yofananizira, wakhala momwemo.