Momwe mungadzazirenso zipolopolo za mfuti yaitali kuti zizigwera malo amodzi

Munthu amene amadzaza yekha zipolopolo za mfuti yaitali cholinga chake chachikulu chimakhala chakuti chipolopolo chilichonse chifanane ndi chinzake m'kulemera, m'kutalika ndi m'kagwiridwe ka mutu, kuti zisanu zikawombedwa motsatizana zikagwere pamodzi pa chandamale. Liwiro lalikulu silithandiza kanthu ngati zipolopolozo zikumwazikana. M'mayiko ambiri ntchitoyi imafuna chilolezo cha boma, makamaka pa kugula ndi kusunga onga, choncho dziwani malamulo a dziko lanu musanagule chida chilichonse. M'nkhani ino chigoba ndi kabotolo kamkuwa kosungiramo onga, mutu ndi kachitsulo kamene kamatuluka mu mpope wa mfuti, ndipo primer ndi kabatani ka kutsinde kamene kamayatsa ongawo.

Mufunika makina opanikizira otchedwa press, ma die (zikombole zachitsulo zomangidwa pa press, zobwezera chigoba msinkhu wake ndi kukhazikira mutu) ogwirizana ndi mfuti yanu, sikelo yoyeza mu ma grain, caliper (chida choyezera kutalika) yowerenga mpaka inchi 0.001, chodulira zigoba, ndi buku la miyezo lofalitsidwa ndi kampani yopanga mitu kapena onga, monga Hornady, Sierra, Hodgdon kapena Vihtavuori. Paundi imodzi ili ndi ma grain 7,000, ndipo grain imodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065, zomwe zikusonyeza kuchepa kwa miyezo imene mukugwira nayo ntchito. Mlingo wa onga utengedwe m'buku lotere basi, osati pakamwa pa mnzanu kapena pa intaneti.

Yambani ndi kusankha zigoba za kampani imodzi, ndipo ngati n'kotheka zikhale zowombedwa maulendo ofanana, chifukwa makoma a zigoba za makampani osiyana amasiyana kuchindikala, ndipo malo a onga m'kati mwake amasiyananso. Zitsukeni, kenako muziyang'ane chimodzichimodzi. Chigoba chong'aluka khosi chitayidwe. Chimodzimodzinso chimene chili ndi mzere wowala mozungulira pafupi ndi tsinde, pakuti pamenepo mkuwa wapyapyala ndipo chingaduke m'mfuti; kawaya kopinda kunsonga mukakalowetsa m'kati kamakodwa pa kangalande ka malo oterowo.

Pakani zigobazo mafuta ake pang'ono ndi kuzilowetsa mu die yobwezera msinkhu, imene imachotsanso primer yakale. Kwa mfuti ya bolt (chitsulo chokoka ndi dzanja chotsekera chipolopolo m'mfuti), phewa la chigoba, pamene chimayambira kuchepa kulowera kukhosi, libwezedwe m'mbuyo ndi inchi 0.001 mpaka 0.002 poyerekeza ndi mmene linatulukira m'mfuti. Mukalibweza kwambiri, chigoba chimakhala ndi mpata wosewera m'chipinda cha mfuti, momwe chipolopolo chimakhala powombedwa, chimatanuka kwambiri pa kuwombera kulikonse, ndipo chimatha msanga.

Tsopano pakubwera nkhani ya kutalika kwa chigoba, imene ambiri oyamba kumene amainyalanyaza. Chigoba chikamawombedwa ndi kupanikizidwanso mu die, mkuwa umasendera kukhosi ndipo chigobacho chimatalika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake muyezo umatengedwa mutamaliza kubweza msinkhu, osati musanayambe. Mabungwe a SAAMI ku America ndi C.I.P. ku Ulaya amaika malire a kutalika kwa mtundu uliwonse wa chipolopolo. Chigoba cha .308 Winchester sichiyenera kupitirira mainchesi 2.015 ndipo chimadulidwa kufika pa 2.005, cha .223 Remington malire ake ndi 1.760 ndipo chimadulidwa pa 1.750, cha .30-06 Springfield malire ndi 2.494 ndipo chimadulidwa pa 2.484. Chigoba chikapitirira malirewo, kamwa lake limakapanikizika kumapeto kwa chipinda cha mfuti n'kuluma mutu, moti onga ukayaka mutuwo umachedwa kumasuka ndipo mphamvu ya mpweya imakwera koopsa. Ngakhale zonse zili m'kati mwa malire, ndi bwino kuzidula zifanane, chifukwa khosi lalitali limagwira mutu mosiyana ndi lalifupi. Mukadula, palani m'mphepete mwa kamwa m'kati ndi kunja kuti mutu polowa usakandike.

Primer yatsopano ikhale mpaka pansi pa dzenje lake, yolowa pang'ono kuposa tsinde la chigoba, ndipo chala chikadutsa pamenepo chisamve chotumphuka. Valani magalasi oteteza maso pa gawo limeneli.

Pothira onga, patebulo pakhale mtundu umodzi wokha wa onga, chitini chake chili poonekera. Yambani ndi mlingo wotsika umene buku lapereka, muzikwera pang'onopang'ono, ndipo musapitirire mlingo wapamwamba. Wofuna kulasa bwino amayeza mlingo uliwonse pa sikelo. Musanaike mitu, unikani ndi tochi m'zigoba zonse kuti muone ngati onga wafika pofanana, chifukwa chigoba chopanda onga chingasiye mutu utakakamira mu mpope, ndipo chipolopolo chotsatira chingaphulitse mfuti.

Kukhazika mutu ndiye gawo limene limafuna kudekha kwambiri. Mabuku amapereka kutalika kwa chipolopolo chathunthu kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, monga mainchesi 2.800 amene amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa .308 Winchester kapena 2.260 pa .223 Remington, ndipo muyezo umenewu umathandiza kuti chipolopolo chilowe m'magazini. Komabe nsonga za mitu, ngakhale ya m'bokosi limodzi, zimasiyana pang'ono, ndipo nsongayo sikhudza mpope n'komwe. Chimene chimayamba kukhudza mizere yozungulitsa mutu ya m'kati mwa mpope ndi malo opindika a mutu otchedwa ogive. Choncho yezani kuchokera kutsinde mpaka pa ogive pogwiritsa ntchito kachida kotchedwa comparator kamene kamamangidwa pa caliper. Ine ndimaona kuti munthu amene akuyeza kunsonga kokha amangotaya nthawi kusinthasintha die pofuna kukonza kusiyana kumene kulibe ntchito.

Pezani kaye pamene mutu umakhudzira mizereyo m'mfuti yanu. Pali chida chake choyezera, koma mungathenso kutenga chigoba chopanda primer ndi onga, chokhala ndi khosi logwira mofewa, kuikapo mutu motalika, kutseka bolt pang'onopang'ono, kenako kuchitulutsa mosamala ndi kuchiyeza. Bwerezani kasanu ndi kulemba zotsatira, pakuti muyezo umodzi ungakunamizeni. Muyezowu ndi wa mfuti imeneyo ndi mtundu umenewo wa mutu. Mukasintha mutu muyenera kuyezanso, ndiponso mizere imadyeka mfuti ikawombedwa kwambiri, moti malo okhudzirawo amasunthira kutsogolo.

Poyambira pabwino ndi kusiya mpata wa inchi 0.020 pakati pa ogive ndi mizere, kenako kupanga timagulu ta zipolopolo zisanuzisanu, gulu lililonse mutu utalowa mozamirapo ndi inchi 0.003 mpaka 0.005. Mutu wokanikizidwa m'mizere umakweza mphamvu ya mpweya, ndipo nthawi zina pochotsa chipolopolo chosawombedwa mutuwo umatsalira mu mpope onga n'kutayikira m'mfuti, zomwe mlenje sangazifune. Mutu wozama mopitirira muyezo wa m'buku nawonso umachepetsa malo a onga. Onetsetsaninso kuti gawo lokwanira la mutu lili m'khosi, pafupifupi lofanana ndi kunenepa kwa mutuwo, ndipo khosi likhale locheperapo kuposa mutu ndi inchi pafupifupi 0.002 kuti ligwire mofanana.

Poyesa, khazikani mfuti pa chochirikiza cholimba, womberani pa mtunda umodzi monga mamita 100, ndipo lolani mpope uzizire pakati pa magulu. Pa mtunda umenewu MOA imodzi, muyezo umene owombera amayezera kumwazikana kwa zipolopolo pa chandamale, ndi pafupifupi mamilimita 29. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: ngati mukuyesa kuzama kwa mutu, onga ndi primer zikhale zomwezo. Yang'anani chigoba chilichonse chikatuluka, ndipo mukaona primer yaphwatalala, chipsera chowala kutsinde, kapena bolt ikulimba potsegula, lekani pomwepo ndi kutsitsa mlingo wa onga. Gulu limene laoneka bwino lipangidwenso ndi kuyesedwa tsiku lina musanalikhulupirire, ndipo pa bokosi lililonse lembanipo mtundu wa mutu, onga ndi mlingo wake, primer, muyezo wa pa ogive, tsiku, ndi maulendo amene zigobazo zawombedwa.