Njira ya m'dambo isatseke madzi: malangizo kwa midzi ya m'mphepete mwa Chilwa

Mvula ikangokhazikika, madandaulo a m'midzi yozungulira nyanja ya Chilwa amakhala omwewo chaka ndi chaka. Ana ajomba kusukulu chifukwa njira yamira, mayi woyembekezera anyamulidwa pamachira, wanjinga wagwa ndi thumba la mpunga m'matope. Ndikafunsa kuti kodi njirayo mumaikonza liti, ambiri amati madzi akabwera. Abale anga, nthawi imeneyo mwachedwa kale. Makande akakhuta madzi amangomatirira kukhasu, ndipo akauma gwa m'mwezi wa Okutobala khasu limangodumpha. Nthawi yabwino ndi pamene madzi aphwa koma dothi likadali ndi chinyontho, kuyambira mu Juni mpaka Ogasiti, anthu atamaliza kukolola mpunga.

Komabe ntchito yeniyeni imayamba m'dzinja momwemo, ndi maso. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho gombe lake silikhala malo amodzi. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, mu 2018 inaphwanso kwambiri moti anthu ankayenda pansi pomwe kale pankadutsa mabwato, koma namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023 madzi analowa m'minda ndi m'nyumba. Amene angalambule njira potengera chaka cha chilala adzaipeza ili pansi pa madzi. N'chifukwa chake ndimapempha a mfumu kuti asankhe anthu atatu kapena anayi oti aziyendera dambo madzi atafika pachimake, n'kumakhoma zikhomo pamene madzi alekezera komanso pamene akuyenda ndi mphamvu. Muwafunsenso akuluakulu amene anaona zaka za madzi ambiri. Iwo amadziwa mtengo umene sunamirepo.

Dambo lokha limakuuzani poyenera kudutsa. Pamene pamera njedza ndi bango pamakhala madzi nthawi yaitali, ndipo njira yodutsa pamenepo idzakudyerani mphamvu chaka chilichonse. Pamene pali zulu ndi udzu waufupi ndi pokwererapo. Lolani njira ikhote kutsata mitunda imeneyi, ngakhale italikeko ndi mamita 200 kapena 300. Ndipo mudzi ugwirizane pa njira imodzi. Timakwalala tambirimbiri tomwe aliyense amadzitsegulira kupita kudimba kwake timapondereza udzu, ndipo mvula ikabwera kalikonse kamasanduka ngalande.

Pomanga, yambani mwachotsa udzu ndi mizu pamene njira idzakhale, chifukwa udzu wokwiriridwa umaola, njira n'kutitimira. M'lifupi mwake pamwamba pakhale mita imodzi ndi theka, kuti wanjinga wonyamula matumba athe kupatukirana ndi mayi wosenza ndowa. Kunsi kukhale kotambalala kuposa pamwamba, m'mbali mutsetsereke pang'onopang'ono, musaimike ngati khoma. Thirani dothi pang'onopang'ono, losapitirira masentimita 15 pa ulendo umodzi, n'kutsindira ndi chipika musanathire lina. Anthu amatopa nako kutsindiraku, amafuna aone mtunda utakwera tsiku lomwelo, koma njira yosatsindira imagumuka ndi mvula yoyamba. Ikwere kuposa chikhomo cha madzi ndi masentimita 30, pakati pakhale potumphuka kuti madzi a mvula azitsikira m'mbali. Makande amaterera koopsa akanyowa, choncho pamwamba yalani mchenga, nsangalabwi kapena zidutswa za njerwa.

Dothi musalikumbe m'mphepete mwenimweni mwa njira n'kusiya dzenje lakuya. Dzenje lotero limafewetsa tsinde la njira, limasunga madzi oima omwe udzudzu ndi nkhono za likodzo zimakonda, ndipo mwana akaterereka amagweramo. Palani dothi mosazamitsa, pamalo otambalala, mamita angapo kuchoka panjirapo.

Tsopano nkhani imene ndimaibwereza mpaka anthu kutopa nane: njira yokwezeka ndi damu. Madzi a mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi Sombani akafika kuchigwa samangoyenda m'khwawa limodzi, amamwazikana m'dambo monse akulowera kunyanja. Mukaika mtunda wopanda mpata pakati pake, madzi amadzaza kumtunda, mpunga wa anzanu n'kumira, pamene a kumunsi akulira kuti minda yawo yauma. Ndinaonapo midzi iwiri yoyandikana itasiya kupatsana moni chifukwa cha njira yotere. A kumtunda atatopa anapita usiku ndi makasu kukaiboola, madzi n'kukokolola gawo lalikulu la ntchito imene anthu anakhetsera thukuta mwezi wathunthu. Panalibe woipa mtima pamenepo, kungoti omanga sanasiye podutsa madzi.

Si mpunga wokha umene umavutika. Madzi oyamba akasefukira, matemba ndi milamba imakwera kulowa m'mitsinje ndi m'udzu womira kukaswana, ndipo ana ake amakulira momwemo asanabwerere kunyanja. Kutseka dambo ndi kuchepetsa nsomba zimene mudzagule padoko la Kachulu chaka chamawa.

Choncho paliponse pamene munakhoma chikhomo cha madzi oyenda, siyani mpata. Mipata ingapo yomwazikana ndi yabwino kuposa umodzi wopapatiza, chifukwa madzi akapanikizika amathamanga n'kudya m'mbali. Pansi pa mpata pakhale pofanana ndi pansi pa dambo, osati pokwera, kuti nsomba zizidutsa ngakhale madzi ali ochepa. M'mbali mwake yalani miyala, pamwamba ikani kamlatho ka milimo yolimba ndi matabwa okhomedwa mopingasa, ndi chogwirira cha nsungwi mbali imodzi chothandiza agogo ndi ana. Kumene kuli kozama kapena kotalika, musalimbane nako nokha. Lembani pempho la makalavati kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC) kuti lifike kukhonsolo. Ndipo a komiti ya kugombe aletse anthu kutchera mono kapena ukonde pamipata imeneyi, pajatu nsomba zonse zimadzera pamodzimodzi.

M'mbali mwa njira bzalani vetiva mvula ikangoyamba. Dulani masamba kusiya masentimita 20, gawani timaphata ta mphukira ziwiri kapena zitatu, mubzale motalikirana masentimita 10 mpaka 15 mumzere. Mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumanga dothi, ndipo amapirira ngakhale madzi atamuzungulira kwa kanthawi. Bulugama ayi, amamwa madzi ambiri, malo ake ndi kumtunda.

Ng'ombe zikhale ndi powolokera pake. Ziboda zimaphwanya m'mphepete mwa njira m'sabata imodzi yokha, makamaka dothi likanyowa, ndiye kambiranani ndi eni ziweto njira isanamangidwe, osati pa mlandu. Moto nawo ndi mdani: otentha njedza m'chilimwe amapsereza milatho ndi vetiva yemwe. Lambulani udzu wouma kuzungulira kamlatho kalikonse mwezi wa Seputembala usanafike.

Pamadzi pomwepa tikumbutsane za matenda. Likodzo limalowa pakhungu munthu akamavuula m'madzi oima, ndiye njira youma imateteza ana amene amadutsa m'dambo kawiri patsiku. Kolera amadziwika bwino kuno, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama panyanja. Ngati njira yanu ikuthera padoko kapena pamsika wa nsomba, chimbudzi chimangidwe pamtunda pamene madzi safika, kutali ndi mjigo.

Njira yabwino imabweretsanso alendo. Chilwa ili pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaivomereza kukhala malo osungirako zachilengedwe momwe anthu akukhalamo. Alipo anthu amene amachoka ku Zomba ndi kutali kudzangoyenda pansi m'mawa n'kumaona akakowa, atsekwe ndi avuwo. Ngati mudzi wanu ukufuna kulandira otere, sankhani achinyamata odziwa mbalame kuti aziwatsogolera. Osaka mbalame ndiwo amazidziwa kuposa wina aliyense, musawasiye kunja. Mtengo ukambidwe pagulu, ndalama zilembedwe m'kaundula yemwe aliyense angathe kumuona, gawo lina lizigula misomali ndi matabwa. Mlendo asachoke panjira kulowa m'njedza momwe mbalame zaikira mazira, ndipo asajambule munthu osapempha.

Zikhomo zazitali zopakidwa laimu kumutu, zotalikirana mamita 20, zimathandiza woyenda usiku kapena pamene madzi aphimba njira kwa masiku angapo. Gawanani njirayo m'zigawo, banja lililonse kapena limana lililonse lidziwe pake, ndipo mvula yamphamvu ikagwa muyendere mipata yonse kuchotsa zinyalala ndi namasupuni zisanatseke. Kadzenje kamene kaoneka lero kakwirireni lero lomwe ndi mabeseni awiri a dothi.

Kwa midzi imene sinayambe, musadikire Juni. Sabata imene madzi adzafike pachimake dzinja lino, a mfumu atume anthu aja ndi zikhomo ndi nyundo, ndipo mlangizi wa dera lanu mumuitane adzayende nanu tsiku limenelo.