Sefa ya PVDF itatsekeka ndi dzimbiri

Pamalo pathu poyeretsera madzi timagwiritsa ntchito sefa ya timachubu ta PVDF (mtundu wa pulasitiki), tating'ono ngati ulusi koma tobooka mkati. Madzi a pachitsime amadutsa m'timabowo ta m'makoma ake, tosaposa 0.1 micron (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), matope ndi mabakiteriya n'kutsala kunja.

Madzi anayamba kutuluka pang'onopang'ono, geji ya presha ikungokwera. Kutsuka pobweza madzi chammbuyo sikunathandize, klorini nayenso analephera. Nditatsegula ndinapeza timachubu tonse tafiira, ndikatikhudza zala zikuthimbirira. Chinali chitsulo cha m'madzi apansi, chomwe chikakumana ndi mpweya chimasanduka dzimbiri n'kumata timabowo. Klorini amachotsa ndere, koma dzimbiri amangoliwonjezera.

Ndinasungunula citric acid (asidi wopezeka m'mandimu), magalamu 20 pa lita imodzi ya madzi, n'kuviika sefayo maola angapo, kenako n'kutsukuluza bwinobwino. Chonde, asidiyu asakumane ndi klorini, pamatuluka mpweya wakupha. Soda wamphamvu ndinamupewa dala, chifukwa amakweza pH (muyeso wa ukali wa asidi kapena soda m'madzi), ndipo PVDF imawonongeka pH ikapitirira 12.

Kenako ndinaika thanki yoti madzi azisakanikirana ndi mpweya, ndi sefa ya mchenga patsogolo, kuti dzimbiri lizitsalira kumeneko. Presha tsopano yakhazikika.