Scope yoyenera pa mfuti ya gogodera

Inu osaka agwape ku America ndi mfuti yothirira onga kukamwa, ija timati gogodera, musataye ndalama pa scope (galasi loika pamwamba pa mfuti loonetsa zakutali ngati zili pafupi) yokuza kwambiri. Chipolopolo chake n'cholemera, chikadutsa mayadi 150 chimagwa msanga, ndiye scope ya 3-9x40, yokuza chinthu kuyambira katatu mpaka kasanu ndi kanayi (40 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita), ikukwanirani. M'nkhalango yowirira, 2-7x ndiyo yabwino koposa.

Poyenda muziisiya pa nambala yotsika. Gwape akatulukira pafupi muli pa 9x, mudzangoona ubweya, phewa osalipeza, pomwe mwayi woombera ndi umodzi wokha.

Sankhaninso yokhala patali ndi diso, mainchesi 4 ngati n'kotheka, chifukwa mfutizi zimakankha ndipo scope ikhoza kukutemani pachikope. Koma musanagule funsani malamulo: m'chigawo cha Colorado salola scope m'nyengo yosaka ndi mfuti zoterezi.